Mkono Wobwereka

Telala wina sankamwa mowa, sankasuta fodya, ndipo aliyense wobwera kudzasoketsa buluku ankachoka atazimva zimenezi, afune asafune. Chitsanzo chake cha munthu wodziwononga chinali mkulu wake, dalaivala wa mathiraki, wa mimba yogunda chiwongolero ndi ndudu yosachoka pakamwa.

M'mawa wina mkulu wakeyo anafika pashopu, nakhala pampando wa makasitomala osavula chipewa. Kampani yawo inali italamula kuti dalaivala aliyense akapimidwe kuthamanga kwa magazi. Wopezeka nako abweze makiyi.

"Ine ndikudzidziwa," anatero dalaivala. "Akangondimanga lamba uja, ntchito yatha. Ana anga aja adya chiyani? Upite ndiwe. Nkhope ndi imodzi, dzina ukatchule langa."

"Achimwene, za mowazi ndakhala ndikukuuzani."

"Ulaliki udzandipatse Lamlungu. Lero undibwereke mkono."

Telala anavomera, ndipo tinene zoona, anavomera mokondwa. Zaka zonsezi kudzisunga kwake kunalibe woyamikira. Lero kupulumutsa chidakwa.

Kuchipinda chopimira, nesi anamumanga lamba pamkono n'kudina makina. Lamba anafufuma, anafinya, anaphwa. Nesi anayang'ana manambala. Anayesa mkono winawo. Kenako anamuuza akhale phee kwa kanthawi, n'kuyesanso.

"Bambo, mumamwa mowa?"

"Ayi," anayankha telala mokweza, kuiwala kuti ndi dalaivala. "Fodyanso ayi."

"Koma ntchito yanuyi ndi yokhala pansi tsiku lonse, eti?"

Telala anafuna kutsutsa, koma anakumbukira mpando wake wa pamakina osokera, umene unachita kuwumbika ngati matako ake. Nesi anafunsa za mchere. Telala anaona m'maganizo tchipisi cha tsidya la msewu, chimene ankadya masana alionse atachiwaza mchere mpaka kuyera. Nesi anafunsanso za tulo, ndipo tulo kwa telala n'chinthu chimene chinkadikira mayunifolomu a anthu athe kaye.

"Kwanu alipo amene anadwalapo BP?"

"Bambo athu anagwa kubafa. Pakamwa panakhota, sanayankhulenso." Kenako telala anawonjezera kuti, "Azakhali athunso chimodzimodzi."

"Ndiye mwabadwa nayo mbewu yake, inu n'kumaithirira," anatero nesi mosakalipa. "Matendawa sayang'ana botolo lokha. BP yanu yakwera kwambiri, bambo. Muonane ndi adokotala pompano, ndipo thiraki musayendetse mpaka itatsika."

Telala anatuluka ndi kapaketi ka mapiritsi kolembedwa dzina la mkulu wake. Panjira anamva kulemera kuja kwa m'khosi, kumene zaka zonsezi ankanamizira mpando. Anachita mantha, mantha enieni. Chaona mnzako chapita, akulu anatero, koma iye mwambiwu ankauuza ena.

Anapeza mkulu wake ali pomwe anamusiya, akuseweretsa tepi yoyezera.

"Zatheka?"

Telala anaika kapaketi kaja pathebulo lodulira nsalu. "Ntchito yanu ndaipha, achimwene. Akuti yakwera kwambiri. Yangayo."

Anadikira mkuntho. Mkulu wakeyo anali munthu wotukwana ngakhale tayala likaphwa. Koma dalaivala anangovula chipewa n'kuchiika pabondo. Anayang'ana mng'ono wake nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi otupa amene anali m'masilipasi.

"Iwe?" anatero pomaliza, mawu ali pansi. "Iwe wosamwa?"

"Akuti ndi za kumtundu. Ndi mchere, ndi kukhala pansi."

"Ukudziwa chifukwa chake ine sindinkadandaula?" Dalaivala anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Ndinkati ndikadzagwa ngati bambo, palibe kanthu. Ana anga adzalera ndi mng'ono wanga, munthu wodzisunga. Alamu ako ndinawauza kale zimenezi."

 Telala naye anali ndi ana ake, ndipo za amene adzawalere anali asanaganizepo n'kamodzi komwe.

Dalaivala anatsegula kapaketi, natulutsa kapepala komatiramo mapiritsi. Anatenga sizasi ya nsalu, imene telala sankalola munthu aliyense kuigwira, n'kudula pakati. Theka anaika m'thumba la malaya ake, theka linalo anakankhira kwa mng'ono wake.

"Imwa," anatero. "Mmodzi wa ife ayenera kutsala."