Mdzakazi wa Pakhoma

Goodwell anathawa ku Malawi mu 1983, apolisi akumusaka chifukwa cha mawu amene anayankhula m'kalasi ku Mulanje. Anasiya mkazi wake Bessie ali woyembekezera. Analemba makalata awiri, kenako analeka poopa kumuputira mavuto. Ku London anapeza ntchito yaulonda m'nyumba ina yoonetsera zithunzi zakale: kuimirira tsiku lonse ndi kuletsa alendo kugwira.

M'chipinda chimene ankalondera munali chithunzi chachikulu cha zaka mazana atatu. Mitengo italiitali, mtsinje woyenda phee, mlatho wamiyala, ndi mapiri akuzimirira m'kuwala kwachikasu. Pakona, wochepa ngati chala, panali mdzakazi uja wa m'malemba amene mbuye wake anamupitikitsira kuchipululu pamodzi ndi mwana, mngelo akumulozera chitsime. Goodwell akamuyang'ana mtima unkakhala pansi. Wotayidwa naye amapeza madzi, ankatero chamumtima.

Mu 1994, chisankho chitatha, mlongo wake Mable anabwera kudzaphunzira zaunamwino ku Edmonton, dera lina la London. Sanadikire Loweruka limene anapangana kudzaonana. Anamulondola kuntchito Lachiwiri masana, atavala jekete yobwereka.

Atapatsana moni, Goodwell anamukokera pachithunzicho. "Taonani, achemwali. Zaka zonsezi ine ndi ichi."

Mable anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye chipululu chake n'chimenechi? Masamba onsewa? Amene anajambula sanagonepo ndi njala, achimwene."

"Alamu anu ali bwanji?" anafunsa Goodwell.

"Ndabwerera zomwezo. Pafoni sindikanatha," anatero Mable. "Mutangochoka, bambo anati mkazi wa munthu wosakidwa atitengera apolisi pakhomo. Anamubweza kwawo ku Phalombe. Chaka cha chilala chija anadwala m'mimba. Tinaika mu Novembala."

"Tinaika? Munapitako?"

"Ine ndekha."

Mayi wina wachizungu anafunsa njira ya kuchimbudzi. Goodwell anamulozera, kumanzere kenako kutsika masitepe, mawu ake osanjenjemera n'komwe.

"Nanga mwana?" anafunsa atatembenukiranso kwa Mable.

"Wamkazi. Joyce. Ali ndi amalume ake." Mable anayang'ana pansi. "Anamuuza kuti bambo ake anamwalira kalekale. Nditati ndikonze nkhaniyo, amalumewo anati ndisadzapondenso pakhomo pawo."

Goodwell anafuna kukhala, koma mpando wa m'chipindacho unali wa alendo. Anagwira manja kumbuyo monga anamuphunzitsira pantchito. Mable anamusisita pamkono, nati akuthamangira basi, adzaonana kunyumba kwa Goodwell ku Barking Lamulungu.

Atatsala pang'ono kuweruka, kapitawo wa alonda anabwera ndi pepala. "Fomu yako ya tchuthi ija, Goodwell. Milungu inayi mu Disembala, eti? Ukupita kwanu tsopano! Ungosayina apa."

Goodwell analandira cholembera, nawerenga fomuyo kuyambira pamwamba mpaka pansi, ngakhale anailemba yekha.

"Mupatseni wina masiku amenewo," anatero. "Ine ndidzagwira."