Inki Yofiira M'kope la a Pafupifupi

Ophunzira tonse tinkawatcha a Pafupifupi, chifukwa ukawafunsa yankho la samu ankati, "Lenileni amalidziwa Mulungu. Ife timangoyandikira." Anaphunzitsa masamu pa yunivesite zaka makumi anayi. Njira yawo yoyerekezera mizere yokhota pamene yankho lenileni silingapezeke inapita kutali, mpaka omanga milatho ndi olosera zanyengo ankaigwiritsa ntchito. Lachisanu ankapuma pa ntchito, ndipo ine, wophunzira wawo womaliza, ndinasankhidwa kukayankhula pamwambo wowatsanzika.

Lachitatu masana ndinkawathandiza kulongedza mu ofesi. Fumbi linali koboo. Iwo anangokhala pampando, nsapato atavula, maso ali kudenga. Pansi pa kabati ndinapeza kope lakale lomangidwa ndi chingwe cha nsapato. Munali chiyambi cha njira yawo yotchuka ija, cholembedwa ndi pensulo. Koma m'mphepete mwa masamba munali dzanja lina, la inki yofiira, zilembo zing'onozing'ono zopendekeka. Pena linalemba kuti, "Manambala akumapeto akupenga. Thithikanitsani madontho cha kumeneko." Tsamba lotsatira, pensulo inamvera.

Komatu kuthithikanitsa madonthoko ndiye mtima wa njira yonseyo.

"Aphunzitsi, dzanja ili ndi la ndani?"

Anatseka maso. "Iwe mwana, mphuno yako ndi yaitali."

"Ndi la ndani?"

"La mayi a kunyumba." Anapumira m'mwamba. "Ankataipa mapepala athu muno tisanakwatirane. Ine manambala ndinkawaona ndi maso, iwo ankawagunda ndi zala, imodziimodzi. Zala zawo zinamva kuti akumapeto akukula mosayenera. Nthawi imeneyo dzina la wotaipa silinkalembedwa papepala. Ndinati ndidzakonza chaka chamawa. Chaka chamawacho ndi chino."

"Ndikanene Lachisanu?"

"Ndatopa, mwana wanga. Chita zimene mtima wako ukufuna."

Mawa lake ndinapita kwawo. Mayiwo ndinawapeza pakhonde akusoka batani pa jekete la amuna awo. Ndinawaikira kope lija pamiyendo. Analisisita nthawi yaitali osalitsegula.

"Akadasunga? Ndinkayesa mbewa zinadya kalekale."

"Amayi, mawa ndikufuna nditchule dzina lanu."

"Ayi." Analuma ulusi n'kuudula. "Kodi ndinakwatiwa ndi iwe? Zaka zonsezi sindinkadikira kuwomberedwa m'manja. Ndinkadikira pakamwa pa munthu mmodzi. Ukanena ndiwe, iwowo anenanso liti?"

"Nanga akapanda kunena?"

"Ndiye kuti ndidziwa. Nako kudziwa n'kupuma."

Lachisanu holo inadzaza, kukutentha. Akuluakulu anayankhula motalika, wina mpaka anatchula molakwika dzina la njirayo. Itafika nthawi yanga ndinawerenga za milatho, za mapepala, za ophunzira amene anabalalika m'mayiko. Za inki yofiira ija sindinatchule. Mayi aja anali pamzere wachitatu, chikwama chili pamaondo, nkhope yosaonetsa zimene ankaganiza.

Kenako anaitana a Pafupifupi. Anadzuka movutika, n'kukwera masitepe atatu a pansanja ngati phiri. Anathokoza akuluakulu. Anathokoza ophunzira. Anathokoza ngakhale wosesa m'makalasi. Anapinda pepala lawo, ndipo anthu anayamba kuwomba m'manja. Ndinaona mayi aja akutsegula chikwama, kufunafuna chinthu chimene munalibe.

Koma achikulirewo sanachoke pamaikolofoni. Anakweza dzanja, holo n'kukhala zii.

"Pali cholakwika m'pepala langa loyamba," anatero. "Sichili m'masamu. Chili pamwamba, pamene pali dzina limodzi. Mayi, tabwerani kuno."

Anthu anatembenuka. Mayiwo anatseka chikwama pang'onopang'ono, osadzuka.

"Bambo, miyendo yanga mukuidziwa," anayankha mokweza. "Zaka makumi anayi ndakhala ndikubwera ndine. Lero tsikani ndinu."

Kuseka kunayambira kumbuyo n'kufalikira holo yonse. A Pafupifupi anayang'ana masitepe aja, kenako anandiyang'ana ine.

"Iwe wa mphuno yaitali, ndigwire mkono."

Tinatsika limodzi, sitepe imodziimodzi. Anali opepuka kuposa mmene ndinkaganizira.