Khomo Limene Mphuno Sanagogodepo

Anthu ankamutcha Mphuno, ndipo dzinali ankalikonda ngakhale ankanamizira kudana nalo. Kwa zaka makumi atatu wakhala akufufuzira anthu nkhani zawo zachinsinsi m'kaofesi komweko, pamwamba pa sitolo ya mankhwala. Bondo linamuthera akufufuza nkhani ina ya matayala obedwa, kamera nayo inakalamba, koma matama okha sanakalambe. Lamulo lake linali lakuti iye sagogoda pakhomo pa munthu. Amaima patali, n'kujambula, n'kukapereka kwa womutuma. Pakamwa pamanama, ankatero, koma chithunzi sichinama.

Lolemba lina m'mawa kunabwera nesi wachitsikana, ali mu yunifolomu. Sanadikire kupatsidwa mpando. Anaika chithunzi chakale patebulo n'kuchitembenuza. Kumbuyo kwake kunali chidindo cha ofesi ya Mphuno.

"Bambo anga anamwalira mwezi watha, ichi ndachipeza m'sutikesi mwawo," anatero. "Ali apawa ndi amayi anga. Bambo anawathamangitsa ine ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mwezi wamawa ndikukwatiwa, ndikufuna adzakhalepo. Munawapezapo kale, apezeninso."

Mphuno anachikumbukira. Mayi wochepa thupi akulowa pachitseko cha buluu, mwamuna wa magalasi atawagwira paphewa. Masana atatu anakhala m'galimoto kutsidya kwa msewu kudikira chithunzi chimenecho. Mwamuna wa mayiwo, kalaliki wonyada, anachilandira n'kulipira. Zomwe zinachitika pambuyo pake Mphuno sanafunse, pakuti ntchito yake inkathera pachithunzi.

Sabata yonse anazungulira kwa achibale a mayiwo, aliyense akungopukusa mutu. Kunatsala khomo lija basi. Analipeza atalipaka penti wobiriwira. Mwa chizolowezi anaima kutsidya kwa msewu mpaka bondo linayamba kudandaula, ndipo anazindikira kuti kamera lero ilibe chomuthandiza. Anawoloka n'kugogoda.

Amene anatsegula anali mwamuna wa magalasi uja, tsopano wa imvi mutu wonse. Anayang'ana chithunzicho, kenako Mphuno.

"Ndinu aja a galimoto yoyera," anatero. "Tinkakuonani. Tinkayesa kuti galimoto yakuferani. Tsiku lachitatu mayiwa anachita kundiuza kuti tikupatsireni madzi, dzuwa lingakupheni."

M'chipindamo munali mabenchi awiri ndi bolodi lolembedwa zilembo zikuluzikulu. Mkuluyo anali mphunzitsi, ndipo masana ankaphunzitsa akuluakulu amene sukulu inawadutsa.

"Mayiwa sankadziwa kuwerenga," anafotokoza. "Amuna awo ankawaseka nazo pamaso pa alendo. Mwana atayamba sukulu n'kumabwera ndi kabuku kuti amuthandize, manyazi anawagwira. Ankabwera mobisa kuti adzaonetse atadziwa. Tsiku mwajambulali ankafuna kusiya, ati mutu wawo ndi wouma. Ndinawagwira paphewa pakhomo pomwepo n'kuwabwezera m'kalasi."

"Nanga bwanji sanawauze amuna awo?"

"Anawauza. Inenso ndinapita komweko ndi makope awo. Bamboyo anandilozera chithunzi chanuchi n'kunena kuti chithunzi sichinama."

Mphuno anamva mawu akeake akumubwerera kuchokera m'kamwa mwa munthu wina, ndipo ananyansidwa nawo. Anakhala pabenchi la ophunzira osauzidwa.

Zotsalazo mphunzitsiyo anazinena mwachidule. Mayiwo anapeza kachipinda kuseri kwa msewu womwewo, n'kumachapira anthu zovala. Sukulu sanasiye. Atadziwa kulemba ankalembera mwana wawo kalata mwezi ndi mwezi, ndipo zonse zinkabwerera zosatsegula. Anamwalira zaka zinayi zapitazo. Mkuluyo anatulutsa bokosi la nsapato kunsi kwa tebulo.

"Anati mwana akadzabwera ndidzamupatse. Sindinkayembekezera kuti mubwera ndinu."

Mphuno anakamupeza nesi uja pageti la chipatala pa nthawi ya nkhomaliro. Mphuno, amene ankadziwa kukometsa nkhani pamaso pa omutuma, tsikulo anainena mmene inaliri, osadzibisa. Mtsikanayo sanalire. Anatsegula bokosilo n'kusolola kalata yapansi penipeni. Inali ndi zilembo zokhotakhota zonga za mwana wa sitandade wani: dzina lake, ndipo m'munsi mwake, "Ndine amayi ako. Taona, ndikutha."

Anaipinda bwinobwino n'kuiika m'thumba la pachifuwa.

"Bambo, msewu umenewo ndi waukulu bwanji?"

Mphuno ankadziwa, chifukwa bondo linamuwerengetsa powoloka. "Mapazi khumi ndi awiri."

"Khumi ndi awiri," anabwereza mtsikanayo. "Ndipo munakhala pamenepo masiku atatu."

Mphuno anafuna kunena kuti anangotumidwa, kuti wothamangitsa mayiwo sanali iye. Zinali zoona, koma zinakanika kutuluka. Anatulutsa chithunzi chija kuti abweze kwa mwini wake. Mtsikanayo anakumbatira bokosi ndi manja onse awiri.

"Sungani, ndi chanu," anatero. "Chinatuluka bwino."

Analowa pageti osacheuka. Mphuno anatsala ataima ndi chithunzi m'manja, ndipo aka kanali koyamba kuchiyang'anitsitsa. M'dzanja lamanzere la mayiwo munali kope ndi pensulo, zooneka bwinobwino.