Mtedza wa M'munda wa Cuffee

Luvenia anawerenga kalata ya kukhoti kachitatu ataima pakhonde, maluwa a pamanda a bambo ake, a Isom Gadsden, asanafote n'komwe. Mawu onse ankawadziwa, koma mutu wake unangoima. Kalatayo inkati munda wawo uli ndi eni makumi anayi ndi atatu, ndipo mmodzi, Terrell wa ku Detroit, wagulitsa gawo lake ku kampani yomanga mahotela. Tsopano kampaniyo inkapempha khoti ligulitse munda wonse, ndi nyumba yomwe, anthu agawane ndalama.

Anafunsa mlongo wake Cleophus kuti Terrell ndiye ndani. Cleophus nayenso sankamudziwa.

Mundawo anaugula Cuffee, agogo a agogo awo, ukapolo utangotha kuno ku South Carolina, ndi ndalama za ganyu m'minda ya mpunga ya mzungu yemwe anali mbuye wake. Cuffee sanalembe wilo, kalata yogawa chuma cha masiye, ana ake ayinso. Masiku amenewo munthu wakuda ankalowa kwa loya ali ndi munda, n'kutulukako ndi chipewa chokha. Choncho munda unatsala m'dzina la womwalira, mwana aliyense wobadwa n'kukhala mwini. Popanda mapepala a umwini, banki sinkawabwereka ngakhale ndalama za malata, pamene adzukulu a mbuye uja, tsidya la msewu, anamanga masitolo ndi mapepala awo.

"Chemwali, tingolandira zathu basi," anatero Cleophus.

"Zanu ziti, achimwene? Gawo lanu mwina ndi pomwe pagona galupo."

Chinkamuzunguza Luvenia chinali chimodzi. Munthu woti sanapondepo kuno, ngakhale pamaliro, anadziwa bwanji kuti ali ndi munda?

Masana analowa m'kanyumba ka makasu kukafuna chingwe. Pa shelufu panali mapaketi a mtedza wa pekani, wa m'mitengo imene Cuffee anabzala, omangidwa kale, lililonse dzina ndi adiresi. Chaka ndi chaka a Isom ankapita nawo ku positi, ndipo ana awo ankangowaseka kuti akudyetsa Amereka yense. Luvenia anawawerenga. Analipo makumi anayi ndi limodzi. Iye ndi Cleophus ankadzitolera okha pansi.

La Terrell linali pakati. Analimasula, n'kupeza kapepala ka zilembo zokhota za bambo ake: "Mwana wanga, uwu ndi wa m'munda mwako. Usaiwale kuti uli ndi kwanu."

Anakhala pa chidebe, osadziwa ngati akwiye kapena alire. Anawakwiyira ndithu bambo ake, ndipo anawasowa kwambiri.

Cleophus anawerenga kapepalako ataima pakhomo, nati paketi limenelo aliponye pamoto. Luvenia anabwezeramo kapepala, namanga chingwe mfundo ziwiri monga ankamangira bambo ake, n'kuika paketi la Terrell pamodzi ndi anzake.

"Positi imatseka nthawi yanji, achimwene?"