Chitseko Chimene a Gervásio Ankatseka

Supuni inafika pamilomo ya amayi Albertina n'kuima pomwepo. Quitéria anaigwedeza pang'ono, akuwanyengerera ndi timawu tija timanyengerera nato khanda, koma mayi akewo anatembenuzira nkhope kukhoma. Phala linadonthera pansalu yakuda imene anawakoleka pachifuwa.

"Amayi, kamodzi kokha. Mungolawa."

Sanalawe. Chiikireni m'manda amuna awo, a Gervásio, mayiwa anali asanalole chakudya kudutsa pammero. Tiyi ankamwako pang'ono, nayenso mochita kulimbana. Masaya anali atayamba kulowa, ndipo aliyense wolowa m'chipindamo ankatuluka akupukusa mutu, osatchula chimene onse ankachiganiza, choti mwina makasu okumbira manda asafulumire kubwezedwa kwa eni ake.

Amayi Albertina anagwa zaka zingapo zapitazo akusonkha moto, ndi matenda aja amene kuchipatala ku Ulongwe anawatcha turombozi. Anadzuka mbali yonse ya kumanja itafa, pakamwa patapotoka, mawu atatsala owerengeka. Kuyambira pamenepo a Gervásio ndiwo anali miyendo yawo. Ankawasambitsa, kuwatulutsa padzuwa nkhungu ikayera, ngakhale kuwapesa tsitsi, zimene amuna anzawo pabawo anaziseka mpaka kutopa nazo. Koma panali khalidwe limodzi limene anthu sanatope kulinena. Nthawi ya chakudya ikakwana, bamboyo ankanyamula mbale, kulowa nayo kuchipinda n'kutseka chitseko. Kaya kwabwera ana ake, kaya abambo mfumu ochokera ku Fonte Boa, yankho linali lomwelo, loti mayiwa sadya pagulu. Ena ankati ndi nsanje ya ukalamba, ena ankati m'mbalemo mumalowa mankhwala. Anthu sasowa chonena.

Tsopano mwini chitseko anali atapita. Anamupeza atagwa chafufumimba m'dimba lake la kachewere, khasu lili m'manja, ndipo chimene chinkachitika kuseri kwa chitsekocho anapita nacho.

Anasiya ana awiri. Wamkulu, Adérito, ankagula ndi kugulitsa chimanga ku Domwe, munthu wa mtima wabwino koma wa pakamwa pothamanga. Wamng'ono ndiye Quitéria, amene ankagwira ntchito ya zaulimi mumzinda wa Tete. Iyeyu anali atapeza bolusa, thandizo la ndalama za maphunziro, yokaphunzira ku Korea kachulukitsidwe ka mbewu ya kachewere yopanda matenda, ndipo ulendo unali wa mwezi wotsatira. A Gervásio sankadziwa kuti Korea ali mbali iti ya dzuwa, koma panalibe wogula kachewere amene anachoka pamunda pawo asanamve kuti mwana wawo akupita kumeneko.

Masana a tsiku limene mayi ake anakana phala lija, Quitéria anazemba achibale amene anatsalira kudikira tsiku lometa, n'kupita kuseri kwa nkhokwe, malo okhawo pamudzipo pamene telefoni inkagwira. Anali ndi phunziro la chinenero, ndipo anali atalumpha kale ambiri. Mawu a mayi wina wa ku Korea anatuluka m'telefonimo, ofatsa, osadziwa kuti kuno kuli maliro.

"Dolboda," anatero mawuwo.

"Dolboda," Quitéria anabwereza motsitsa. Pansi pake panalembedwa tanthauzo m'Chipwitikizi: kusamalira munthu. Kenako panabwera chiganizo chathunthu choti achibwereze, omonirul dolbwayo, kutanthauza kuti ndimasamalira amayi anga. Anachinena kamodzi, lilime likupunthwa. Kachiwiri linawongoka, telefoni n'kumuyamikira ndi kabelu.

Adérito anamupeza pomwepo. Anaima atapinda manja, nafunsa kuti akutinji azungu akewo. Quitéria anayankha kuti si azungu, ndipo akanakhala wochenjera akanalekera pomwepo. Koma anamuuza tanthauzo la mawuwo.

"Ndiye kuti mawu amenewa ukuwadziwa m'zinenero zitatu tsopano," anatero Adérito. "Chinyanja, Chipwitikizi, n'chimenechi. Koma mayi wako akufa ndi njala m'nyumbamo."

"Ndi mayi anunso, achimwene."

Adérito sanakane. Anati iye ndi mkazi wake Isabel anali okonzeka kuwatenga mayiwa kupita nawo ku Domwe, chipinda chilipo, koma kutenga munthu wosadya n'kutenga maliro. Akakafera m'nyumba mwake, mudzi wonse udzati mpongozi anawamana chakudya, ndipo Isabel sadzayendanso mutu uli m'mwamba. Choncho pa tsiku lometa, akuluakulu akadzafunsa za mayiwa, iye adzanena poyera kuti Quitéria atsale. Mwana wamkazi ndiye amadziwa za mayi ake.

"Bolusa imabweranso," anatero. "Mayi sabweranso."

Quitéria anamutembenukira. Anamukumbutsa kuti iye, Adérito, ankakhala pafupi zaka zonsezi, ulendo wa njinga yamoto, koma sanagogodepo chitseko chija n'kamodzi komwe kuti aone mmene bambo awo ankachitira. Ankabwera ndi shuga ndi sopo, n'kukhala pakhonde kudikira kuyamikiridwa. Mawuwo analasa, chifukwa anali oona. Anamulasanso mwini wake, chifukwa nayenso akabwera kuchokera ku Tete ankadyera kukhitchini, akusangalala mumtima kuti ntchito yolemetsayo ili ndi mwini. Anasiyana osatsanzikana, aliyense atanyamula manyazi ake.

M'masiku otsatira panalibe amene sanayeseko. Azakhali a Quitéria anabwera ndi korona, napemphera mpaka phala linazizira, kenako anayesa kutsegula pakamwa pa mlamu wawo ndi chala, n'kutuluka akuyamwa chalacho. Isabel anabweretsa nthochi zakupsa, nazikanya bwinobwino, nagwada n'kupempha mwaulemu wonse wa mpongozi, koma amayi Albertina anangomuyang'ana ndi diso lonyowa n'kutseka milomo. Mayi wina wa m'mphakati wa kutchalitchi anati asiyeni, amuna awo akuwaitana, ndipo anthu anamukalipira chifukwa ananena mokweza zimene iwo ankanong'ona. Quitéria anafufuza m'chipinda monse kufuna kasupuni kapadera, kapena kabotolo ka mankhwala opatsa njala, chilichonse chimene bambo ake akanabisa. Anapeza chipeso, mafuta odzola ndi chipewa chawo cha chisanu. Anachinunkhiza chipewacho, nalira monga sanalirire kumanda.

Dzulo lake la tsiku lometa, m'mawa, anauza Adérito kuti asavutike kukanena kwa akuluakulu. Anena yekha kuti atsala. Adérito anayang'ana pansi, nakanda m'mutu, nati mwina adikire kaye. Chigonjetso chimenechi sichinamukomere.

Masana amenewo azimayi anaphika kachewere wa m'dimba la malemu, amene anayenera kukumbidwa asanaole, namuthira nyemba. Quitéria analandira mbale yake, koma sanafune kukhala pamphasa ya azimayi pamene aliyense akanamuyamikira kuti ndi mwana womvera. Kuyamikiridwa kwina kumawawa kuposa kutukwanidwa. Anatenga mbale ndi kabeseni ka madzi, nalowa kwa mayi ake, natseka chitseko ndi chidendene kuti asaonedwe nkhope.

Sanabwere kudzawadyetsa. Supuni anali ataisiya kunja. Anakhala pamphasa pambali pawo, naika mbale pansi pakati pa awiriwo, nasamba m'manja.

"Sindipita, amayi," anatero, osawayang'ana. "Ndikhala nanu. Koma sindidziwa kuti ndizitani nanu. Ababa sanandiuze."

Anatenga kachewere mmodzi. Asanafike naye pakamwa, china chake chinamugwira pamkono. Linali dzanja la mayi ake, lamanzere, lowonda koma lamphamvu kuposa mmene ankaganizira. Quitéria anatembenuza kachewereyo msanga kulozetsa pakamwa pawo, poganiza kuti njala yawagonjetsa. Amayi Albertina anakankha dzanjalo mwaukali, kachewere n'kugubuduka pamphasa.

Kenako anachita chinthu chimene Quitéria sanachimvetse poyamba. Analigwira dzanja lake lamanja, nalitsitsa, nalipanikiza pantchafu pake ngati akuliuza kuti ligone pamenepo. Atatero anatambasula mkono kudutsa pamiyendo pake, nagogoda ndi chala padzanja lake lamanzere. Anagogoda kachiwiri. Kenako anaviika zala zawo m'kabeseni kaja, nazipukusa m'madzi mwa chizolowezi, nadikira.

Milomo yopotoka ija inalimbana ndi mawu kwa kanthawi.

"Abambo ako," anatero. "Uku."

Quitéria anayang'ana dzanja lake lamanja lili gone pantchafu, nayang'ana lamanzere, nayang'ananso mayi ake. Mayi ameneyu, ali ndi mphamvu zake, ankalangiza atsikana a mudzi wonse za ulemu. Mwana akatambasula manzere kumbale ankalawa chipande pazala, ndipo ngakhale kulandira mchere ndi dzanja limenelo kunali mlandu pakhomo pano. Ndiye matenda anabwera n'kumusiyira dzanja lomwelo, lokhalo. Kudya nalo anthu akuona sakanatha. Kudyetsedwa ngati khanda sakanalolanso. Banja lonse linakhala likuzungulira ndi supuni, ndipo panalibe n'mmodzi yemwe amene anaganiza zoika mbale kumanzere kwa munthu wamkulu n'kumusiya, chifukwa onsewo anawalera ndi iyeyo.

A Gervásio sankawadyetsa akazi awo. Ankatseka chitseko, kugoneka dzanja lawo labwinobwino pantchafu, n'kudya nawo limodzi ndi manzere, kuti m'chipindamo musakhale wina wochita manyazi yekha. Anachita zimenezi m'mawa ndi madzulo zaka zonsezo, kunja anthu akuwanena za nsanje ndi mankhwala, iwo osayankha.

Amayi Albertina ankadikira, ndipo anali atadikira kokwanira. Quitéria anasamba dzanja lamanzere. Analitambasulira kumbale, zala zikuchita chibwibwi ngati za mwana, natsina kachewere ndi nyemba pang'ono. Nyemba zina zinagwera pachitenje, msuzi unatsikira kuchigongono. Zotsalazo zinafika pakamwa.

Amayi Albertina anaonerera mpaka anameza. Kenako anatambasula dzanja lawo, nanyema kachewere ndi chala chachikulu mwaluso la munthu wozolowera, namuviika mumsuzi, nadya. Anatafuna pang'onopang'ono, mbali imodzi, maso ali pambale. Anatenganso wina. Palibe nyemba yawo imene inagwa, ndipo Quitéria atagwetsanso zake, mbali yamoyo ya pakamwa pawo inakwera pang'ono. Ankamuseka.

Anadya choncho, mbale ikutsika mbali zonse ziwiri. Ili pafupi kutha, kunamveka kugogoda kofatsa. Anali Isabel, akufunsa ngati abweretse phala ayesenso.

Quitéria anayang'ana mayi ake. Dzanja lawo linali litaima m'malere, nkhope itauma. Anawanong'oneza kuti ndi Isabel yekha, yemwe uja anagwada ndi nthochi, ndipo kuti ku Domwe nakonso zitseko zimatsekeka. Amayi Albertina anayang'ana kuchitseko. Kenako anagwedeza mutu kamodzi movomera, nabweza dzanja m'mbale.

"Phalalo lisiyeni, alamu," anatero Quitéria. "Bwerani ndi mbale yanu, mubwere nokha, ndipo mutseke chitseko."

Isabel analowa, natseka, naima ndi mbale yake akuyang'ana apongozi ake akutafuna. Anatsegula pakamwa kuti aitane anthu, koma Quitéria anamukoka chitenje kuti akhale pansi. Atakhala, amayi Albertina anapukuta zala pansalu yawo yakuda, natambasula mkono, nagwira dzanja lamanja la mpongozi wawo n'kuligoneka pantchafu.