Tadala Asewera Chesi ndi Agogo Ake

Enelesi ankapukuta mabolodi a chesi ndi nsonga ya chitenje pamene belu la njinga ya Che Hamadi linalira kuseri kwa kalasi. Ana anali atafika kale, atakhala pamabenchi mwakachetechete, zomwe sizinkachitika masiku ena.

Che Hamadi anali telala ku Namadzi. Loweruka lililonse ankatseka shopu yawo n'kupalasa njinga mpaka kwa Kadewere kudzaphunzitsa ana chesi, osalandira kanthu. Enelesi ndiye ankawathandiza. Ankalemba mayina a ana, kusesa m'chipinda, ndipo kachidole ka chesi kakatayika ankaikapo chitsekerero cha botolo. Mwana wake wamkazi, Tadala, wa zaka khumi, ndi amene ankaposa anzake onse.

"Mayi a Tadala, nkhope imeneyo bwanji?" anafunsa Che Hamadi akumasula lamba wa pakaliyala. "Kodi tabwera kumaliro?"

"Mtima sukukhazikika, Che Hamadi."

"Ukhazikitseni. Mwanayo ndamuphunzitsa ndine."

Nkhani inali ya chipinda. Komiti ya sukulu inkafuna kuti m'chipinda cha chesi muzisungidwa matumba a ufa wa phala la ana. Wapampando wa komitiyo anali a Bonifasio, malume ake a Enelesi, omwe anaphunzira chesi kalekale ali kalaliki kuesiteti ya tiyi ku Thyolo. Pamsonkhano iwo anati zaka ziwiri zakwana ana akungokankha timitengo. Anapempha kuti awapatse mwana mmodzi asewere naye. Akaona kuti mitu ikugwira, kiyi akhalabe kwa Che Hamadi, koma akaona zachibwana matumba alowa Lolemba.

Chimene Enelesi sanawauze Che Hamadi n'chimene anamuuza Tadala m'mawa womwewo akumupesa tsitsi.

"Amene ukasewere nawowo ndi agogo ako. Ndi amene anandilera ine amayi atamwalira, ndipo malo tamangapa ndi awo. Usakawachititse manyazi pamaso pa anthu. Wamva?"

"Ndamva, amayi," anayankha Tadala.

A Bonifasio anafika atavala jekete yawo ya kutchalitchi, mamembala atatu a komiti akuwatsata. Makolo ena anaunjikana pamawindo. Tadala anagwada n'kupereka moni, kenako anakakhala pampando woyang'anizana nawo. Miyendo yake sinkafika pansi.

"Achimwene atelala," anatero a Bonifasio akupukuta magalasi, "kamwana aka ndi kamene mwandisankhira? Ndimayesa mundibweretsera munthu."

"Singano nayo ndi yaying'ono, a Bonifasio, koma jekete mwavalayo inasokedwa ndi iyo."

"Inasokedwa ku Limbe iyi, osati kwa inu."

Anthu anaseka. Che Hamadi anakweza dzanja n'kutembenukira kumawindo.

"Tamverani abale. Pano si pabawo pamene aliyense amaponyapo nzeru zake. Masewera akayamba, palibe wolankhula, palibe wotsokomola mwadala, palibe wolozera. Mwana akauzidwa chochita ndi munthu wapambali, wagonja basi."

Anayamba. A Bonifasio anatenga zidole zoyera, ndipo ankasuntha mwachangu, chidole chilichonse n'kuchimenyetsa pabolodi. Tadala ankayankha pang'onopang'ono. Enelesi anaima kumbuyo kwa bolodi lolembapo aphunzitsi, atagwira kaundula wa mayina pachifuwa. Iye sankadziwa kusewera bwino, koma zaka ziwiri zoyang'ana zinamuphunzitsa kuwerenga mwana wake. Tadala akaona njira yabwino ankaluma mlomo wam'munsi n'kuweramira kutsogolo.

Posakhalitsa anamuona akuluma mlomo. Dzanja linanyamuka kulunjika kwa mfumukazi, chidole champhamvu kuposa zonse, linaima m'malere, kenako linabwerera. Mtsikanayo anayang'ana agogo ake, n'kutenga hatchi, kuiika pamalo pomwe msilikali wa a Bonifasio akanaidya mosavuta.

A Bonifasio anaidya hatchiyo. "Zikomo, mdzukulu."

Che Hamadi anakwinya nkhope. Patapita kanthawi, bishopu nayenso anapita chimodzimodzi. Ana pamabenchi anayamba kuyang'anana. Mmodzi wa akomiti ananong'oneza mnzake kuti matumba makumi awiri akwana bwino pakona ija ya kumawindo.

Che Hamadi anasendera kwa Enelesi n'kulankhula motsitsa kwambiri.

"Mwanayu wadwala?"

"Ayi."

"Ndiye akutaya dala. Hatchi ija ngakhale ana a sitandade 2 sangaipereke choncho. Alipo wamuopseza?"

M'mawa muja Enelesi ankaganiza za manyazi a malume ake okha. Sanaganize kuti mwana akamvera mawu akewo mpaka kumapeto, ana makumi atatu asowa pophunzirira, ndipo munthu amene wapalasa njinga zaka ziwiri pamvula ndi padzuwa aoneka ngati sanaphunzitse kanthu. Kumunong'oneza Tadala kunali kosatheka, lamulo linali litanenedwa. Kumutsinzinira diso nakonso kunali kuba.

Anaika kaundula pabenchi. Anayenda mpaka pafupi ndi tebulo, n'kugwada kumbali ya malume ake, osamuyang'ana mwanayo.

"Amalume, pepani ndikudulani."

"Iwe, sunamve atelala? Pano salankhula."

"Sindikulankhula ndi mwanayu, ndikulankhula ndi inu. Masewera awa si oona. Ndine ndamuuza m'mawa kuti asakuchititseni manyazi, ndiye akukupatsani dala."

Enelesi anapitiriza.

"Wolakwa ndine. Musawalande chipinda Che Hamadi chifukwa cha pakamwa panga."

A Bonifasio anavula magalasi. Anayang'ana hatchi ndi bishopu zomwe anaziika pambali pa chigongono chawo, kenako anayang'ana Tadala.

"N'zoona zimenezi?"

Tadala anaweramitsa mutu. "Eya, agogo."

"Ndiye ine ndakhala pano ndikudzitama, kumachita kumenyetsa pabolodi, pamene ndikudyetsedwa ngati khanda?" Anatembenukira kwa Enelesi. "Mwana wa mlongo wanga, unandiona kuti ndakalamba mpaka kumandiphikira phala pachesi?"

"Ndimaopa, amalume."

"Umaopa chiyani? Kuti ndikugwetsera nyumba?"

Mayi wina pawindo anaseka n'kudzitseka pakamwa.

"Achimwene atelala, inu munali m'chiwembuchi?" anafunsa a Bonifasio.

"Ine ndikanadziwa, ndikanamuuza kuti ayambe ndi kukudyerani mfumukazi," anatero Che Hamadi. "Ana anga ndimawauza kuti ulemu uthere pamoni. Mukagwirana chanza, amene wakhala kutsogolo kwako umamulemekeza pomupatsa nzeru zako zonse."

"Mwalankhula ngati shehe. Tandandalikaninso."

Che Hamadi anabwezera zidole zonse m'malo mwake. A Bonifasio anavula jekete n'kuikoleka pampando. Asanasunthe kanthu anagogoda patebulo ndi chala.

"Tadala, ndiyang'ane. Amayi akowa ine ndinawalera, ndiye mawu anga ndi aakulu kuposa awo. Ukandipatsanso chinthu chaulere, ndikatenga mbuzi ija ndinakupatsa."

"Chabwino, agogo."

Ulendo uno a Bonifasio sankamenyetsanso. Ankakhala nthawi yaitali atagwira chibwano, mpaka a komiti awiri anatuluka kukaima pamthunzi. Enelesi anabwerera pamalo pake. Ankamva maso a amayi a pawindo kumsana kwake, ndipo ankadziwa kuti nkhaniyi ikafika pachitsime iye asanafike kunyumba. Koma maso ake sanachoke pa mwana wake.

Tadala anaweramira kutsogolo. Anadya msilikali mmodzi, anataya wake mmodzi, kenako hatchi yake inadumphira pakati n'kuopseza zidole ziwiri nthawi imodzi. A Bonifasio anapulumutsa mfumukazi, koma chidole chawo cha nsanja chinapita.

"Hmm," anatero mkuluyo. "Izi ku Thyolo kunalibe."

Anayesa kubwezera. Anatumiza mfumukazi ndi bishopu kukasaka mfumu ya mtsikanayo, ndipo kwa kanthawi zinkaoneka ngati amupanikiza. Enelesi anagwira m'mphepete mwa benchi. Che Hamadi anali atapinda manja, akuyang'ana kudenga ngati akuwerenga malata.

Mfumu ya a Bonifasio inali itatsala yokha kumzere wakumbuyo, asilikali ake atatu ataitsekera kutsogolo. Tadala ananyamula nsanja yake, kuitsetseretsa mpaka kumapeto kwa bolodi, n'kuisiya mofatsa.

"Cheki, agogo," anatero ndi mawu apansi. "Ndipo ilibe kothawira."

A Bonifasio anayang'ana kumanja, kumanzere. Anakweza magalasi, anawatsitsanso. Kenako anaigoneka mfumu yawo ndi chala n'kutambasula dzanja. Tadala analilandira ndi manja awiri.

Ana anawomba m'manja mpaka fumbi linatuluka m'mabenchi. Enelesi anapukuta maso ndi chitenje.

"Wandipha mdzukulu wanga yemwe," anatero a Bonifasio kuuza anthu a pawindo, mawu atakwera ngati apambana ndi iwo. "Mwaona mutu umenewu? Ndi wa kwathu uwu."

"Mutu ndi wa kwanu, koma anausoka ndine," anatero Che Hamadi.

"Musayambe."

Mmodzi wa akomiti anafunsa za matumba. A Bonifasio anati kuseri kwa ofesi ya ahedi kuli kachipinda kodzaza madesiki othyoka, ndipo Lolemba abambo abwere ndi nyundo adzakonzemo. Anavala jekete, n'kuima pamaso pa Enelesi yemwe anali atayamba kulongedza zidole m'thumba.

"Iwe, Loweruka likubwerali mumayamba nthawi yanji?"

"Naini koloko, amalume."

"Undilembe m'buku lakolo."

Enelesi anatsegula kaundula. Pansi pa dzina la mwana womaliza analemba dzina la malume ake, ndipo pamalo olemba kalasi anayang'ana Che Hamadi.

"Alembeni gulu la oyamba kumene," anatero telalayo. "Akhala benchi lakutsogolo."