Basi Ikagona, Koleji Sigona

Lachinayi m'mawa Tessa anatsegula kompyuta yake n'kungoti kakasi. Pa mayeso a sayansi ya zamoyo anali atamulembera ziro.

Mayesowo anali a kukoleji, ngakhale mtsikanayu anali wa zaka 16 ndipo adakali ku sekondale. Analowa nawo dongosolo lolola ana a sekondale kuyamba maphunziro oyambirira a kukoleji, malikisi ake n'kumawerengedwa mbali zonse ziwiri. Choncho Lolemba ndi Lachitatu masana ankapita kukoleji ya m'tauni mwawo ku Iowa, m'dziko la America.

Wolakwa sanali patali. Amayi ake, a Rhonda, akhala akuyendetsa basi ya ana asukulu zaka 19, ndipo pa nkhani za sukulu safuna wowaphunzitsa. Lachitatulo kunagwa chipale chofewa chofika m'mawondo, uthenga unabwera kuti masukulu atseka, iwo n'kuuza mwana wawo kuti, "Bwerera kukagona iwe. Basi yanga ikagona, sukulu yagona." Koma tsikulo koleji sinatseke, ndipo anzake a Tessa analemba mayeso.

A Rhonda anagwira foni n'kuimbira mphunzitsi wa kukolejiko, a Lindqvist. Anafotokoza za chipale, za msewu, mpaka za zaka zawo 19 zija. A Lindqvist anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Pepani mayi, za malikisi a Tessa ndingakambe ndi Tessa mwini wake."

Mawuwa sanawakwiyitse kwenikweni a Rhonda, koma anawasowetsa mtendere. Mwana woti ku sekondale sangakwere basi ya ulendo popanda iwo kusaina, kukoleji akhala bwanji munthu wamkulu? Masana omwewo anamutenga Tessa kupita kwa a Ostrander, mlangizi wa ophunzira pa sekondalepo.

"Tandiuzani bambo," anayamba asanakhale n'komwe, "mwana wangayu ndi wa sekondale kapena wa koleji?"

"Zonse ziwiri," anayankha a Ostrander akumwetulira. "M'mawa ndi wathu. Akangoponda pakhomo la koleji, ndi wawo, ndipo amatsata malamulo awo. Kalendala yawo ndi ina, tchuthi chawo n'china. Ife tikatseka, iwo nthawi zambiri amaphunzira."

"Nanga n'chifukwa chiyani andikaniza kuyankhula? Ndinabereka ndine."

"Palibe akutsutsa. Koma kukoleji zotsatira ndi za wophunzira. Kuti akuuzeni inu, Tessa ayenera kusaina chilolezo."

A Rhonda anamuyang'ana mwana wawo m'mbali. "Wamva? Ndizipempha kwa iwe tsopano, bwana."

Tessa sanaseke. Anafunsa chimene chinkamudya mumtima. "Ziro ameneyu atsalira kuno ku sekondale, eti?"

"Ayi, ndipo apa mpamene ambiri amapunthwa. Alowa m'mbiri yako ya kukoleji. Ukalephera phunziroli, tsiku limene uzidzafunsira malo ku sukulu ya unamwino imene umaifuna ija, adzaliona."

A Rhonda anachita manyazi kwambiri, poona kuti ndi pakamwa pawo pamene pakanatsekera mwana njira.

"Tsiku loyamba kukoleji anakupatsa mapepala a ndondomeko ya phunziro lonse," anapitiriza a Ostrander. "Ali kuti?"

Anapezeka pansi penipeni pa chikwama, atakwinyika, atamatirana ndi pepala la chokoleti. Pa tsamba lachitatu panalembedwa kuti wojomba mayeso pa chifukwa chomveka alembere mphunzitsi, iye mwini, pasanathe masiku awiri. Nthawi inkatha Lachisanu masana.

"Safunsa anadya phula," anadandaula a Rhonda. "Ine ndadya lonse, n'kugawirako mwana."

Tessa anayamba kulembera a Lindqvist imelo pomwepo. Amayi ake anaima kumbuyo kwake, pakamwa pakuwayabwa. "Uwauze kuti amayi anga ndi a basi. Uwauzenso kuti..."

"Amayi, khalani pansi chonde."

Anakhaladi. Tessa analemba mizere inayi yokha. Ananena kuti anaganiza kuti koleji yatseka pamodzi ndi sekondale, anavomera kuti sanawerenge ndondomeko, anapepesa, n'kupempha tsiku lina. Lachisanu m'mawa yankho linabwera: abwere Lolemba, koma mwayi wotere umaperekedwa kamodzi kokha.

Lolembalo analemba mayesowo, ndipo anakhoza bwino. Madzulo a tsiku la zotsatira anabwera ndi fomu ya chilolezo atasaina kale, n'kuiika patebulo. A Rhonda anaiwerenga yonse, mpaka timalemba ta pansi, kenako anaipinda n'kumubwezera.

"Sunga. Uzindiuza wekha," anatero. "Wakwanitsa popanda ine, ndipo zandikoma."

Makolo, maphunziro a kukoleji kwa ana a sekondale ndi mwayi waukulu, koma mwana akalowamo ali pa sukulu ziwiri za malamulo osiyana. Funsani mlangizi musanalembetse. Werengani limodzi ndondomeko ya phunziro sabata yoyamba, ndipo dziwani kalendala ya koleji. Malikisi a kumeneko amamutsata mwana kutsogolo, choncho pakagwa vuto asachedwe, ndipo musiyeni ayankhule yekha ndi mphunzitsi wake.